Msana Ukavuta ku Spain: Mmene Mungafotokozere Ululu Wanu m'Chisipanishi

Mabuku ambiri ophunzitsa Chisipanishi amayamba ndi malonje, manambala, kuitanitsa khofi ndi kufunsa njira ya kusiteshoni. Za matenda amaziika kumapeto, kumene ophunzira ambiri safikako. Koma msana sudikira kuti munthu amalize buku. Bungwe la WHO limati m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankavutika ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa limeneli. Choncho kaya mukupita kusukulu ku Madrid, kaya kukasamalira okalamba ku Valencia, kaya kukathyola tomato m'minda yofoleredwa ndi mapulasitiki ku Almería, tsiku lina mudzafunika kuuza munthu kuti msana wavuta, iye n'kukumvetsani.

Malangizowa ndawalemba poganizira za ku Spain. Pamene anthu a ku Mexico, Colombia, Argentina kapena Chile amanena mosiyana, ndizitchula.

Choyamba: yambirani ku Chichewa, osadzera m'Chingerezi

Ambirife timaphunzira Chisipanishi kudzera m'Chingerezi chifukwa mabuku ndi mapulogalamu a pafoni ndi a Chingerezi. Pa nkhani ya ululu, njira imeneyi ndi yozungulira pachabe. Taonani chiganizo chimene mudzachigwiritse ntchito kuposa china chilichonse:

Me duele la espalda. Msana ukundiwawa.

Mwininkhani m'chiganizochi ndi msana, osati inu. "La espalda" ndi msana, "duele" ndi ukuwawa, ndipo "me" ndi kaphatikizo kathu kaja ka -ndi- ka mu "ukundiwawa". Kamangidwe kake ndi kofanana ndi kathu, kungoti iwo amayamba ndi mneni. Ophunzira odzera m'Chingerezi amalimbana nacho kwa milungu, kumanena "yo duelo", pamene inu mwakhala mukulankhula chonchi chibadwire.

Kufananaku sikuthera pomwepa. Ife timati mwendo ukundiwawa, koma miyendo ikundiwawa. Mneni amasintha potsatira chiwalo chimene chikuwawacho. Iwonso chimodzimodzi: "me duele la pierna" ndi mwendo umodzi, "me duelen las piernas" ndi iwiri. Mwangowonjezera n. Komanso monga ife sitivutika kunena kuti "msana wanga ukundiwawa", chifukwa msana wa munthu wina sungakuwaweni, iwonso amangoti "la espalda", osati "mi espalda".

Mukafuna kusintha munthu, sinthani kamawu koyambirirako basi. "Te duele" ndi ukukuwawa, polankhula ndi mnzanu. "Le duele" ndi ukukuwawani, polankhula mwaulemu, komanso ndi ukumuwawa. "Nos duele" ndi ukutiwawa. Kukana n'kosavuta: "no me duele". Za kale: "me dolía" ndi unkandiwawa, "me dolió" ndi unandiwawa nthawi imodzi n'kusiya.

Pali njira inanso, "tengo dolor de espalda", kutanthauza ndili ndi ululu wa msana. Ndi yolondola ndipo mudzaiona m'mafomu, koma pakamwa pa anthu "me duele" ndiye yofala.

Kwa inu a ku Tete ndi Angónia amene mukudziwa kale Chipwitikizi, muli ndi mwayi waukulu, koma samalani pano: "costas" wa Chipwitikizi sagwira ntchito. Pa Chisipanishi "costas" ndi magombe a nyanja, "costillas" ndi nthiti, "costado" ndi m'mbali mwa thupi. Msana ndi "espalda" basi.

Chachiwiri: konzani katchulidwe ka mawu ochepa okha

Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu, a e i o u, ndipo amamveka monga athu. Mawu ambiri amatsindikanso phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, kumene ifenso timakokera. Zimene zimatipunthwitsa ndi zitatu.

China ndi chizolowezi chathu choika vawelo pakati pa makonsonanti ndi kumapeto kwa mawu. "Espalda" asakhale esipalida. Ndi es-PAL-da, maphatikizo atatu. Ndipo l ameneyo musamumeze, chifukwa "espada" ndi lupanga. China ndi l ndi r. M'Chichewa mukatchula l m'malo mwa r tanthauzo silisintha, koma kumeneko "hora" ndi ola la nthawi pamene "hola" ndi moni. Mawu oyeserera abwino ndi "dolor", do-LOR, chifukwa ali ndi onse awiri ndipo amatsindika kumapeto. Chachitatu ndi h, amene satchulidwa konse. "Hombro", phewa, ndi OM-bro. Samalani mavawelo ake, pakuti "hombre" ndi mwamuna ndipo "hambre" ndi njala.

Zotsalazo n'zopepuka. Ñ ndi ny wathu, ll mutha kumutchula ngati y, j ndi h wokhakhala wochokera kukhosi. C wa mu "ciática" anthu a ku Madrid amamutchula ataika lilime pakati pa mano, koma mukangoti s, monga amachitira ku Latin America konse ndi kuzilumba za Canarias, aliyense adzamva.

Chachitatu: lozani malo

Dokotala akangomva za msana, funso lake ndi "¿Dónde le duele?", pakuwawa ndi pati? Chala chanu chikuthandizeni: lozani n'kunena "aquí", apa. Koma nthawi zina mudzakhala mukulankhula pafoni, choncho mawu awa muwadziwe. "Arriba" ndi kumtunda, "abajo" kumunsi, "en el medio" pakati. "A la derecha" ndi kumanja, "a la izquierda" kumanzere, "en los dos lados" mbali zonse ziwiri. "La columna" ndi fupa la msana lenilenilo. "El cuello" ndi khosi, "la cadera" ndi fupa la m'chiuno cha m'mbali, "el muslo" ntchafu, "la rodilla" bondo, "la pantorrilla" katumba, "el pie" phazi. Thako mwaulemu wa kuchipatala ndi "la nalga" kapena "el glúteo". Mawu ena amene mudzawamve kwa anzanu a kuntchito asiyeni komweko.

Pamene pamavuta ambiri ndi m'munsi mwa msana, ndipo pali mayina anayi. Losavuta ndi "la parte baja de la espalda". La kuchipatala ndi "la zona lumbar", kapena mwachidule "las lumbares", kuchokera ku mafupa asanu a m'munsi amene madokotala amawalemba L1 mpaka L5. Ku Latin America mudzamva kwambiri "me duele la cintura", ndendende mmene ife timanenera kuti chiuno chikundiwawa.

Lachinayi ndi lofunika kulimvetsa bwino. Ku Spain anthu wamba amati "me duelen los riñones". "Riñones" ndi impso, koma akatero nthawi zambiri sakunena za impso ayi, akunena m'munsi mwa msana, pamene munthu amagwira ndi manja onse awiri akaweramuka. Mnzanu akanena choncho musathamange naye kuchipatala. Koma inu monga wophunzira ndingakulangizeni kuti kwa dokotala musagwiritse ntchito mawuwa. Impso zikadwala zimapwetekadi chakumsana, ndipo simukufuna kuti m'chipinda mukhale chisokonezo choti mukunena chiti. Nenani "la parte baja de la espalda" n'kuloza.

Kenako nenani ngati ululu ukukhala malo amodzi kapena ukuyenda. Dokotala adzafunsa "¿Le baja por la pierna?", kodi ukutsikira kumwendo? Yankho lake likhale lonena pamene ukuthera: "Me baja hasta la rodilla", ukutsika mpaka pabondo, "me llega hasta el pie", ukufika kuphazi, "no, se queda en la espalda", ayi, ukungokhala pamsana. Ululu wodutsa bondo umamupangitsa dokotala kuganiza za mtsempha waukulu wa kumwendo umene wapanikizika, vuto limene amalitcha "ciática", ndipo kapimidwe kake kamasintha.

Chachinayi: nenani kuti zinayamba liti ndiponso bwanji

Funso ndi "¿Desde cuándo?" Mukatchula tsiku, gwiritsani ntchito "desde": "desde el lunes", kuyambira Lolemba, "desde ayer", kuyambira dzulo. Mukatchula kutalika kwa nthawi, wonjezerani "hace": "desde hace tres días", kwa masiku atatu tsopano. Anthu a ku Spain amakondanso kunena "llevo dos semanas así", ndatha milungu iwiri ndili chonchi. Sankhani imodzi muiloweze, zinazo mungozizindikira mukamva.

Musayankhe kuti "hace mucho", kalekale. Kwa dokotala, ululu wa milungu yosakwana 6 ndi wina, wopitirira milungu 12 ndi winanso, umene amautcha "crónico". Werengani masiku musanachoke kunyumba.

Za chimene chinayambitsa, ziganizo zinayi zikukwanirani. "Me hice daño levantando una caja", ndinadzipweteka ponyamula katoni. Ku Latin America amati "me lastimé". "Me caí", ndinagwa. "Me dio un tirón", mnofu unakoka mwadzidzidzi. "Empezó solo", unangoyamba wokha. Ndipo ngati zinachitikira kuntchito, mawu oti "en el trabajo" musawaiwale, chifukwa pambuyo pake adzakhudza ndalama zanu.

Chachisanu: fotokozani mtundu wa ululu, ndipo musauchepetse

Apa Chichewa chathu n'cholemera. Timati ukubaya, ukuotcha, ukukoka, wauma, mwendo wachita dzanzi. Ntchito yanu ndi kupeza mnzake wa mawu alionse.

Wobaya ndi "un pinchazo" kapena "un dolor punzante". Wootcha ndi "me quema" kapena "me arde". Wa pansipansi wosatha, umene suli wakuthwa koma sukuchoka, ndi "un dolor sordo". Wothamanga ngati magetsi ndi "como una descarga eléctrica", kapena "como un calambre", mawu amenenso amatanthauza kukokana kwa minofu. Msana ukauma, "tengo la espalda rígida". Dzanzi ndi "se me duerme la pierna", ndiye kuti mwendo ukundigonera. Kumva tinthu tikuyendayenda m'mwendo ndi "hormigueo", kuchokera ku "hormiga", nyerere. Ndipo tsiku limene mwawerama n'kulephera kuweramuka, ku Spain amati "me he quedado clavado", kapena "clavada" ngati ndinu mayi, kutanthauza ndakhomeredwa pomwepo.

Nenaninso ngati ndi wosalekeza, "es constante", kapena umabwera n'kupita, "va y viene".

Kenako adzakufunsani: "Del uno al diez, ¿cuánto le duele?" Pakati pa 1 ndi 10, ukuwawa bwanji? Apa chikhalidwe chathu chimatigwetsa. Tinaleredwa kuti munthu wamkulu sabuula pagulu. Wodwala ali gone pamphasa, mukamufunsa amati "ndiliko pang'ono". Kwathu womva amadziwa kuti pang'ono ameneyo ndi wamkulu. Dokotala wa ku Sevilla sadziwa zimenezo. Mukanena "un poco" adzalemba kuti pang'ono, n'kukupatsani mankhwala a pang'ono. Ngati simunagone usiku, nenani 7 kapena 8, "siete" kapena "ocho". Njira yabwino koposa ndi kutchula chimene mukulephera kuchita: "no puedo dormir", sindikutha kugona, "no puedo ponerme los zapatos", sindikutha kuvala nsapato, "no puedo caminar más de cinco minutos", sindingayende kupitirira mphindi zisanu.

Chimene chimawonjezera ululu chili ndi kamangidwe kokoma: "al" kutsogolo kwa mneni, monga po- wathu wa mu powerama. "Me duele al agacharme", powerama. "Al levantarme", podzuka kapena poimirira. "Al caminar", poyenda. "Al toser", potsokomola. "Al estornudar", poyetsemula. Pokhala pansi amati "cuando estoy sentado", mayi "sentada". Chimene chimathandiza: "mejora con calor", umachepa ndikathowa ndi chofunda, "mejora al caminar", umachepa ndikayenda. Kuipiraipira ndi "empeora".

Chachisanu ndi chimodzi: lowezani ziganizo za ngozi

Pa anthu 10 odwala m'munsi mwa msana, pafupifupi 9 alibe nthenda yeniyeni imene ingalozedwe, ndipo ambiri amapeza bwino m'milungu yochepa. Koma pali zizindikiro zimene sizidikira. Izi muzidziwe pamtima, mwakuti ngakhale muli ndi mantha zituluke zokha:

No puedo orinar. Sindikutha kukodza.
Se me escapa la orina. Mkodzo ukungotuluka wokha.
No controlo las heces. Chimbudzi chikungotuluka chokha.
Tengo dormida la zona entre las piernas. Pakati pa miyendo pachita dzanzi.
No tengo fuerza en las piernas. Miyendo ilibe mphamvu.

Zimenezi zikabwera pamodzi ndi ululu wa msana, zitha kutanthauza kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana yapanikizika, ndipo madokotala amawerengera maola, osati masiku. Musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala. Pitani ku "urgencias", kapena imbani 112 ku Spain. Ku Mexico ndi 911, ku Colombia 123, ku Chile ambulansi ndi 131. Ku Argentina chipinda cha odwala mwadzidzidzi amachitcha "la guardia". Ndikudziwa kuti za mkodzo ndi chimbudzi n'zochititsa manyazi kuzinena kwa mlendo, makamaka akakhala wamng'ono kwa inu kapena wosiyana naye ziwalo. Mawu ndakupatsaniwa ndi aulemu, a kuchipatala. Palibe amene adzadabwe.

Zina zofunika kuti dokotala azimve tsiku lomwelo: "tengo fiebre", thupi likutentha, "he perdido peso sin querer", ndaonda osafuna, "el dolor me despierta por la noche", ululu ukundidzutsa usiku, "hay sangre en la orina", mumkodzo muli magazi, "me arde al orinar", ndikumva kuotcha pokodza, "he tenido cáncer", ndinadwalapo khansa.

Palinso mbiri ya thupi lanu imene dokotala wa ku Spain sangaiganizire yekha mukapanda kumuuza, chifukwa matendawa kumeneko saonekaoneka. TB imatha kugwira mafupa a msana, ndipo iwo amaitcha "mal de Pott". Ngati munadwalapo kapena munasamalirapo wodwala, nenani "tuve tuberculosis" kapena "cuidé a una persona con tuberculosis". Likodzo nalo, ngakhale si kawirikawiri, limafika ku mitsempha ya msana. Dzina lake ndi lalitali, "esquistosomiasis", choncho lilembeni papepala, n'kuwonjeza kuti "me he bañado muchas veces en el lago Malaui", ndasambapo kambirimbiri m'nyanja ya Malawi. Ngati mukumwa ma ARV, chiganizo ndi "tengo VIH y tomo antirretrovirales". Zilembo amazitembenuza, VIH osati HIV, ndipo ku Spain amazitchula u-be, i, a-che. Dokotala ali ndi lamulo losunga chinsinsi, ndipo ayenera kudziwa chifukwa mankhwala ena a ululu, akaphatikizana ndi tenofovir, amalemetsa impso. Tengani botolo lenilenilo mukamuonetse.

Chachisanu ndi chiwiri: kuchipatala

Ku Spain ululu wamba wa msana umayambira ku "centro de salud", chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kwa "médico de familia" amene ambiri amamutchabe "médico de cabecera". Mumafunika "cita previa", kupangana tsiku pasadakhale, pafoni, pa intaneti kapena pawindo. Ku Argentina amati "turno". Nenani: "Quería pedir cita con el médico, me duele mucho la espalda", ndimafuna kupempha tsiku loonana ndi dokotala, msana ukundiwawa kwambiri. Ngati simungadikire: "¿Puede ser hoy?", kodi zingatheke lero? Adzakufunsani "la tarjeta sanitaria", khadi la chipatala. Kuti mulipeze mumayamba mwalembetsa kumene mukukhala ku "ayuntamiento", ofesi ya khonsolo, zimene amazitcha "empadronarse". Chitani zimenezi mukangofika, msana usanayambe. Zigawo 17 za dzikolo chilichonse chimayendetsa zipatala zake, motero mapepala ofunika amasiyanako. Ophunzira ambiri amakhala ndi inshuwalansi yapadera, "seguro médico", imene anaigula pofunsira viza. Ngati ndi choncho yambani mwaimbira iwowo.

Mukalowa, malonje ndi afupi. "Buenos días, doctora" kapena "doctor" akwana. Madokotala a m'zipatala zazing'onozi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti apatsidwe mphindi 10 zokha pa wodwala aliyense, ndiye ganizirani nthawi imene muli nayo. Akati "¿Qué le pasa?" kapena "Cuénteme", tandiuzani, musayambe ndi "bien, gracias". Lowani m'nkhani. Inu gwiritsani ntchito "usted", amene ali ngati inu wathu waulemu. Dokotala akakuyankhani ndi "tú", amene ali ngati iwe, musakhumudwe. Ku Spain si chipongwe, ndi mmene ambiri amalankhulira.

Zonse mwaphunzira zija zikalumikizana zimamveka chonchi: "Me duele la parte baja de la espalda, a la derecha, desde hace cuatro días. Me hice daño levantando una caja en el trabajo. Es un pinchazo y me baja hasta la rodilla. Empeora al agacharme. No tengo fiebre." Ziganizo zisanu, ndipo dokotala ali ndi pafupifupi zonse zimene amafuna. Lembani zanu m'kamangidwe komweka usiku woti mawa mukupita, muziwerenge mokweza, mudzijambule mawu pafoni n'kumvetsera ngati esipalida uja wabwerera. Kuwerenga papepala pamaso pa dokotala si manyazi.

Pokupimani adzakulamulani zochita, ndipo apa ntchito yanu ndi kumva chabe. "Quítese la camisa", vulani malaya. "Túmbese", kapena "acuéstese" ku Latin America, gonani. "Boca arriba" ndi chagada, "boca abajo" chafufumimba, "de lado" cham'mbali. "Levante la pierna", kwezani mwendo. "Inclínese hacia delante", weramirani kutsogolo. "Camine de puntillas", yendani ndi zala za kumapazi. "De talones", ndi zidendene. Akadina n'kufunsa "¿Le duele aquí?", yankhani "sí, ahí", eya pomwepo, kapena "más abajo", kumunsi pang'ono.

Mayina amene angatchule: "lumbalgia" kapena "lumbago" ndi ululu wa m'munsi mwa msana, osati nthenda yoopsa ngakhale dzina likumveka lolemera. "Contractura" ndi mnofu umene wakungika. "Hernia discal" ndi kachidutswa kofewa ka pakati pa mafupa a msana kamene katuluka m'malo mwake, kawirikawiri kumunsi kwenikweni kwa msana, pamene amalemba L4-L5 kapena L5-S1. "Radiografía" ndi X-ray, "resonancia" ndi MRI, kujambula m'kati mwa thupi ndi makina aakulu amene munthu amalowamo atagona. Akapanda kukujambulani musaganize kuti wakupeputsani chifukwa ndinu mlendo. Pa ululu wa masiku ochepa wopanda zizindikiro za ngozi, malangizo a madokotala ndi oti asajambule. Mwina adzatinso "no se quede en la cama", musangogona pabedi, chifukwa kuyendayenda pang'ono kumachiritsa msanga kuposa kugona. Ku Spain adzanena "no coja peso", musanyamule zolemera. Mneni ameneyu, "coger", ku Mexico ndi ku Argentina ndi wotukwana, choncho inu zolowerani "levantar", amene ndi waulemu kulikonse. Akakutumizani kwa "traumatólogo", ameneyo ndi dokotala wa mafupa. Wa mafizo ndi "fisioterapeuta", mwachidule "el fisio", koma ku Argentina ndi ku Chile ndi "kinesiólogo".

Mukasochera, musagwedeze mutu mwaulemu. "¿Puede repetirlo más despacio, por favor?", mungabwereze pang'onopang'ono? "¿Me lo puede escribir?", mungandilembere? "¿Hay intérprete de inglés?", pali womasulira Chingerezi?

Chachisanu ndi chitatu: ku famase

Famase za ku Spain mumazidziwira mtanda wobiriwira wowala. Imene yatsegula usiku kapena Lamulungu ndi "farmacia de guardia", ku Argentina ndi Chile "de turno". Chiganizo cholowera: "¿Tiene algo para el dolor de espalda?", muli ndi kanthu ka msana? Chikalata cha dokotala ndi "receta", ndipo kawirikawiri chimakhala kale m'kompyuta, mumangopereka khadi lanu. Ibuprofen wa 400 mg mutha kugula popanda "receta", koma wa 600 mg amafuna chikalata. Mayina ake ndi "ibuprofeno" ndi "paracetamol", amene ku Colombia amamutcha "acetaminofén". "Pastillas" ndi mapiritsi, "pomada" ndi mankhwala opaka, "parche de calor" ndi chomata chotenthetsa, "inyección" ndi jakisoni.

Musanalandire, nenani za thupi lanu. "Tengo úlcera de estómago", ndili ndi zilonda za m'mimba. "Tengo la tensión alta", kapena "la presión alta" ku Latin America, ndili ndi BP. "Tengo problemas de riñón", apa tsopano mukunena impso zenizeni. "Estoy embarazada", ndine woyembekezera. "Soy alérgico a", mayi "alérgica", thupi langa siligwirizana ndi mankhwala akutiakuti. Zinayi zoyambazo ndi zifukwa zimene angakukanizireni ibuprofen ndi anzake. Mankhwala ena amphamvu a ululu amadzimbitsa, ndipo mukabwerera kukadandaula musati "estoy constipado", chifukwa ku Spain ndiye kuti muli ndi chimfine. Kudzimbidwa ndi "estoy estreñido".

Kamwedwe mukamve bwino: "cada ocho horas", maola 8 alionse, "después de comer", mutadya, "antes de dormir", musanagone, "durante cinco días", kwa masiku 5. Kenako bwerezani nokha mokweza kuti akukonzeni ngati mwaphonya: "Entonces, una pastilla cada ocho horas durante cinco días, ¿verdad?" Mukapatsidwa "relajante muscular", mankhwala ofewetsa minofu, funsani "¿Puedo conducir?", ndingayendetse galimoto? Ku Latin America ndi "manejar". Ambiri mwa mankhwalawa amagonetsa.

Chachisanu ndi chinayi: kuntchito

Uthenga wa kwa abwana ukhale waufupi: "Buenos días. Hoy no puedo ir a trabajar, me duele mucho la espalda. Tengo cita con el médico a las diez y le aviso después." Simukukakamizidwa kufotokoza zambiri za nthenda yanu.

Tchuthi cha matenda ku Spain ndi "la baja", ndipo munthu amati "estoy de baja". Amapereka ndi dokotala, ndipo ngati sanatchule yekha, funsani: "No puedo trabajar así, ¿me puede dar la baja?" Kuyambira pa 1 Epulo 2023 wantchito safunikanso kukapereka yekha pepalalo kwa abwana, limapita lokha kudzera m'makompyuta a boma, komabe adziwitseni. Ku Mexico pepala lotere ndi "incapacidad", ku Chile "licencia médica".

Ngati munapwetekera pantchito, njira ndi ina. Uzani kapitawo tsiku lomwelo: "Me he hecho daño en la espalda trabajando, quiero ir a la mutua." "Mutua" ndi bungwe la inshuwalansi limene kampani imalembetsako za ngozi za pantchito, ndipo lili ndi madokotala ake. Nkhani ikalembedwa ngati "accidente de trabajo", malipiro a masiku amene muli kunyumba amakhala abwinopo kusiyana ndi ikalembedwa ngati matenda wamba. N'chifukwa chake "en el trabajo" uja ayenera kumveka kuyambira pa chiganizo choyamba. Dziwaninso kuti malangizo a boma la Spain a chitetezo cha pantchito amati munthu mmodzi asanyamule katundu wopitirira makilogalamu 25, theka la thumba la chimanga limene kwathu mnyamata amaliponya paphewa osafunsa. Muli ndi poyambira kunena "pesa demasiado, ¿me ayudas?", chalemera kwambiri, undithandize?

Pobwerera kwa dokotala adzafunsa "¿Cómo sigue?", mukupeza bwanji tsopano? Mayankho ndi atatu: "mejor", ndikupezako bwino, "igual", chimodzimodzi, "peor", zaipiraipira. Wonjezani chimene chasintha, monga "ya no me baja por la pierna", sukutsikiranso kumwendo, kapena "las pastillas no me hacen nada", mapiritsi sakuthandiza. Akaona kuti mwachira adzakupatsani "el alta", chilolezo chobwerera kuntchito, ndipo mumayembekezeka kuyamba tsiku logwira ntchito lotsatira. Ngati mukuona kuti simunafike poti n'kunyamula katundu, nenani asanalembe: "Todavía no puedo levantar peso."